Abambo ali ndi khansa ya mu ubongo ndipo asintha khalidwe: ndiwasamalire bwanji?

Funso

"Ndine mayi wa zaka 38, ndimakhala ku Chirimba mu Blantyre. Abambo anga ali ndi zaka 69, anali mphunzitsi wa pulayimale. Anayamba kudandaula mutu, kenako tsiku lina anagwa n'kuyamba kuphupha. Atawaunika pa sikani anawapeza ndi chotupa mu ubongo. Miyezi itatu yapitayo anawachita opaleshoni, ndipo pa pepala la zotsatira analembapo kuti glioblastoma. Adokotala anatiuza kuti ndi khansa yosachizika. Panopa ali kwanga pamodzi ndi amayi. Vuto ndi loti si abambo aja ndimawadziwa. Amatukwana, amati amayi akuwabera ndalama, usiku sagona, nthawi zina amavula pamaso pa adzukulu. Azakhali akuti tipite nawo kumudzi kwa asing'anga chifukwa izi ndi za anthu. Achimwene anga ali ku Joni akuti tigulitse munda tipite nawo ku India. Eni akewo sitinawauze kuti ndi khansa. Ine ndatopa, nthawi zina ndimawakalipira kenako ndimakalira kuchipinda. Ndichite chiyani?"

Yankho

Pepani kwambiri ndi matendawo, mchemwali. Kudwazika kholo n'kolemetsa pa matenda alionse, koma khansa ya mu ubongo ili ndi nkhanza yakeyake. Imayamba kukulandani munthu mukumuona ali pompo, akudya, akuyenda. Kukalipa kwanu kuja sikukusandutsani mwana woipa. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuona odwala khansa, kuchipatala ndi m'makomo momwe, sindinakumanepo ndi wodwazika matenda otere amene sanapsepo mtima.

Mwafunsa zambiri, koma chimene ine ndikuchiona chachangu kuposa zonse mwachitchula chakumapeto: zoti eni ake simunawauze. Ndifikapo. Tiyambe ndi zimene zikukusowetsani tulo.

Ubongo unagawana ntchito. Mbali yakutsogolo, kuseri kwa chipumi, ndiyo imasunga manyazi, kudziletsa ndi maganizo aja oti "ndikanena ichi ndimupweteka mnzanga". Mwa anthu ambiri mbali yakumanzere ndiyo imayendetsa mawu, ndipo mbali iliyonse imalamula mkono ndi mwendo wa mbali inayo. Kuwonjezera apo, chigaza cha munthu wamkulu chili ngati mphika wovundikira, sichifutukuka. Chotupa chikamakula, mnofu wa ubongo wochizungulira umatupanso, ndipo zonse zimapanikizana momwemo. Mutu wowawa kwambiri m'mamawa, kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri, kuwodzera masana, zonsezi zimachokera pa kupanikizanako. Choncho amene akutukwanayo si mphunzitsi uja anakulerani. Ndi malo a ubongo amene ankamanga pakamwa pawo omwe awonongeka.

Izi zikutanthauza kuti kutsutsana nawo n'kutaya mphamvu. Akati amayi awabera, musawayalire umboni. Kwa iwo nkhaniyo ndi yoona, ndipo mukamalimbikira kukana amayamba kuona ngati nanunso muli m'chiwembucho. Yankhani mantha awo: "Ababa, tiyeni tifufuze limodzi." Mabanja ena amawasungira kachikwama kokhala ndi timasauzande tochepa pansi pa pilo kuti akakumbukira ndalama azigwire, ndipo phokoso limachepa. Kuvula nakonso kumakhala ndi chifukwa chake: mwina akumva kutentha, mwina mkodzo wawagwira koma mawu oti anene asowa. Muziwaperekeza kuchimbudzi pa nthawi zokhazikika asanapemphe. Adzukulu auzeni mosabisa kuti agogo akudwala m'mutu, ndipo zimene akunena si zochokera mumtima. Ana amamva msanga kuposa mmene timaganizira.

Koma mukaona kuti kusokonekerako kwakula mwadzidzidzi, m'tsiku limodzi kapena awiri, musafulumire kunena kuti chotupa chakula. Nthawi zambiri timapeza kuti munthuyo wadzimbidwa kwa masiku angapo, mkodzo watsekeka, ali ndi malungo, shuga wakwera, kapena wadumphitsa mankhwala. Zonsezi zimathandizika.

Tsegulani buku lawo la kuchipatala muone ngati muli dzina loti dexamethasone. Odwala otere ambiri amatuluka nawo mankhwalawa, chifukwa amaphwetsa kutupa kozungulira chotupa. Munthu amene anali chigonere amatha kudzuka n'kuyamba kucheza pakangopita masiku awiri, abale n'kumati wachira. Sanachire, kutupa kokha ndiko kwaphwa. Ndipo mankhwala omwewa ali ndi zovuta zake, zina mwa izo ndi zimene mwalembazi: amathawitsa tulo, amapsetsa mtima msanga, amapatsa njala yosatha. Ngati mukuwapatsa madzulo, funsani adokotala ngati mungamawapatse m'mawa ndi masana okha; kusintha kokhako kumabwezera tulo m'nyumba zambiri. Azimwa atadya, ndipo musawaphatikize ndi brufen, indocid, diclofenac kapena aspirin wogula pa golosale, chifukwa pamodzi amatha kuboola zilonda m'mimba. Akayamba kumva ludzu kwambiri ndi kukodza pafupipafupi, akayezetse shuga. Muziyang'ananso m'kamwa ngati mwatuluka zoyera ngati mkaka wogona. Chachikulu koposa: munthu amene wamwa dexamethasone kwa milungu ingapo sasiya mwadzidzidzi. Amachepetsedwa pang'onopang'ono molangizidwa ndi dokotala. Mukaona kuti atsala a masiku atatu, pitani mukatenge ena.

Za kuphupha, zikhoza kubwereranso ngakhale akumwa mankhwala oletsa khunyu. Zikachitika, agonekeni chammbali, ikani chitenje chopinda pansi pa mutu, chotsani mbaula ndi chilichonse chimene chingawavulaze. Musawaike supuni kapena chala m'kamwa. Lilime silimezedwa, koma mano amathyoka ndipo chala chimalumidwa. Musawamwetse madzi kapena kuwafukiza utsi. Thovu lawo silipatsira matenda aliyense. Yang'anani nthawi pa foni: kuphupha kukapitirira mphindi 5, kapena kukabwereza asanatsitsimuke, thamangirani kuchipatala. Asamakhale okha pafupi ndi moto kapena chitsime, ndipo asamadzitsekere ku bafa. Ngati amamwa ma ARV, nenani kwa aliyense wowalembera mankhwala, chifukwa mankhwala a khunyu otchedwa carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone amafooketsa mphamvu ya dolutegravir, imene ili m'mapiritsi omwe ambiri akumwa masiku ano.

Tsopano za India. Achimwene anu akulankhula mwachikondi, ndiponso munthu amene ali kutali amavutika mumtima kuti sakugwira nawo ntchito, ndiye amafuna kuchita chinthu chachikulu. Koma ndikuuzeni zoona zake. Glioblastoma ndi khansa yoyambira mu ubongo momwemo, yaukali kuposa zonse mwa akuluakulu. Imalowerera m'mnofu wabwino wa ubongo, moti ngakhale dokotala waluso chotani sangaichotse yonse. Ngakhale ku London kapena ku America, munthu atalandira zonse, opaleshoni, radiotherapy (kuwotcha khansa ndi cheza cha makina) ya milungu 6 ndi mapiritsi a temozolomide, theka la odwala silidutsa miyezi pafupifupi 15 chipezekereni matendawa, ndipo kwa anthu a msinkhu wa abambo anu nthawiyo imakonda kufupikirapo. Alipo ochepa amene amafika zaka zingapo, koma kuchira kwenikweni kulibe, ku India kapena kwina kulikonse.

Sindikuti palibe chochita. Radiotherapy imatha kuwonjezera miyezi ndi kuchepetsa zizindikiro, ndipo kwa achikulire pali njira yaifupi ya milungu pafupifupi 3. Kale aliyense wofunika chithandizochi ankayenera kutuluka m'dziko muno. Panopa makina ake alipo ku National Cancer Centre ku Kamuzu Central ku Lilongwe, komanso pa chipatala china cholipira cha khansa mu Blantyre. Amene amapindula kwambiri ndi wodwala amene akutha kuyenda, kusamba ndi kudya yekha. Amene akugona tsiku lonse, ulendo ndi kudikira zimamutopetsa kuposa phindu lake. Bwererani kwa madokotala a khansa mukawafunse mosapita m'mbali kuti: "Malinga ndi mmene alili lero, chithandizochi chiwonjezera nthawi yotalika bwanji, ndipo nthawiyo adzakhala ali bwanji?" Achimwene anu amvere nawo pa foni. Koma mundawo, ine ndikuti usagulitsidwe. Ndaona mabanja atabwerako kunja ndi maliro ndi ngongole, mayi wamasiye n'kusowa polima.

Kwa ena amene mukuwerenga, musatenge yankho ili ngati la chotupa chilichonse cha m'mutu. Chotupa chotchedwa meningioma nthawi zambiri si khansa ndipo opaleshoni imatha kuithetsa. Kwathu kuno TB ndi matenda otchedwa toxoplasmosis, makamaka mwa amene ali ndi HIV, zimaoneka ngati chotupa pa sikani koma zimachizika ndi mankhwala. Zotupa zina zimachokera ku khansa ya m'bere kapena ya m'mapapo. Dzina lolembedwa pa pepala la zotsatira ndilo limasiyanitsa.

Azakhali musawanyoze. Ndi mlongo wawo, ndipo pa mwambo wathu ali ndi mawu pa matenda a m'bale wawo. Munthu wolemekezeka akayamba kuvula ndi kutukwana, wina aliyense wakumudzi aganiza za anthu basi. M'malo mokangana nawo, atengeni popita kuchipatala, adokotala akawaonetse chithunzi cha sikani. Ambiri akachiona chotupacho ndi maso awo, mtima umakhala pansi. Auzeninso kuti khansayi si yopatsirana, siibwera chifukwa cha chimene munthu analakwa, ndipo kawirikawiri siyenda m'magazi a banja. Mapemphero, kudzoza, kuimba nyimbo pafupi ndi wodwala, zonsezo zilowe m'nyumba. Zimene muyenera kukana ndi izi: kusiyitsa mankhwala, kuwasalitsa kudya, kuwamwetsa zitsamba mokakamiza pomwe kumeza kukuvuta kale, ndi kutema mphini pa khungu limene dexamethasone walifewetsa moti silipola msanga. Palinso choopsa china chimene ndikufuna muchione patali. Mawu oti "za anthu" amafuna dzina la munthu. Abambo akunena kale kuti amayi akuwabera. Mawu amenewo akakafika kwa woombeza, mukudziwa kumene chala chidzaloze. Tetezani amayi anu panopa, pofotokozera abale onse kuti mawuwo ndi a matenda.

Ndafika pa nkhani ija. Pa khansa zina, munthu amakhala ndi nzeru zake mpaka masiku omaliza, ndipo banja limatha kuzengereza. Pa iyi, mawu ndi kulingalira zimatha thupi lisanathe. Zimene abambo angathe kunena mwezi uno, mwina mwezi wamawa sadzatha. Timabisa poopa kuti ataya mtima, koma munthu amene anachitidwa opaleshoni ya m'mutu, akuona abale akunong'onezana pakhonde, amadziwa kuti zinthu sizili bwino. Chimene kubisa kumachita ndi kumusiya yekha ndi mantha ake. Nthawi zina kukayikira aliyense kuja kumakulanso chifukwa akuona kuti pali chimene sakuuzidwa.

Sindikuti mukawakhuthulire zonse nthawi imodzi. Sankhani nthawi imene mutu wawo umakhala bwino, kwa ambiri ndi chakum'mawa atadya ndi kumwa mankhwala. Khalani pansi, amayi ali pomwepo, muyambe ndi funso: "Ababa, inu mukuona kuti matendawa akuyenda bwanji? Pali chimene mukufuna kudziwa?" Akafuna kudziwa, yankhani zoona m'mawu ochepa, n'kudikira. Akati "zimenezo muzikambirana inu ndi adokotala", lemekezani, ndiko kusankha kwawo. Ngati pakamwa pakulemera, anamwino a palliative care, amene amasamalira odwala matenda osachizika, anaphunzira ntchito imeneyi ndipo akhoza kukhala nanu.

Pali zimene iwo okha ndiwo angayankhe. Akufuna kukhala kuti matenda akakula, kwanu kuno kapena kumudzi? Alipo amene akufuna kumuona kapena kugwirizana naye? Mapepala a munda, a nyumba, a penshoni ali kuti? Nambala yachinsinsi ya ku banki ndi ya Mpamba kapena Airtel Money akuidziwa ndani? Ngati sanalembe wilo, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limafuna kuti wolembayo akhale woganiza bwino, asaine pamaso pa mboni ziwiri. Poti mutu wawo ukusinthasintha, pemphani adokotala awaone ngati angathebe kutero, ndipo mboni zikhale anthu osalandirapo kanthu. A Legal Aid Bureau angakuthandizeni. Izi si kuitana imfa. Ndipo akakhala pa tsiku labwino, akuseka ndi kukumbukira za kusukulu kumene anaphunzitsa, jambulani mawu awo pa foni.

Za thupi lawo. Ndikudziwa kuti mwana wamkazi saona umaliseche wa bambo ake, ndipo amayi paokha sangathe kuwanyamula. Pezani wachibale wamwamuna kapena bambo wa kumpingo woti azibwera pa nthawi yosamba. Pamene palibe, afunditseni chitenje n'kumapukuta mbali imodziimodzi; ana aakazi ambiri achita zimenezi ndipo palibe tsoka limene linawagwera. Akayamba kugona nthawi yaitali, muziwatembenuza pa maola awiri alionse, n'kumayang'ana m'chiuno, pamatako ndi zidendene. Malo ofiira amene sakuyera mukawadina ndi chala ndi chiyambi cha chilonda, asagonerenso. Pogona pazikhala pouma, pepala la pulasitiki pansi, nsalu yofewa pamwamba, osati pulasitiki kukhudza khungu. Mutu uzikhala wokwera ndi mapilo, kumachepetsa kupanikizana kuja.

Podyetsa, akhale tsonga, ali maso bwinobwino. Phala lolimbirako la nsinjiro, nthochi yokanya, mbatata yophwanya zimamezeka bwino kuposa madzi kapena tiyi, zimene zimathamangira ku mapapo n'kuyambitsa chibayo. Akamatsokomola pomeza kapena mawu akamamveka ngati muli madzi kukhosi, imani kaye. Mukatha, tsukani m'kamwa ndi kansalu koviika m'madzi a mchere pang'ono.

Mutu ukamawawa panado osathandiza, kawirikawiri chofunika ndi kuonanso mlingo wa dexamethasone, ndipo ululu ukapitirira pali morphine wamadzi, amene amaperekedwa ulere m'zipatala za boma. Anthu amamuopa, amati ndi mankhwala otsirizira munthu. Ayi. Akaperekedwa pa mlingo wake, pa maola 4 alionse osadikira kuti ululu ubwerere, safupikitsa moyo. Vuto lake lenileni ndi kudzimbidwa, choncho azipita limodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba monga bisacodyl, ndipo mapapaya akupsa asamasowe. Inu muli ndi mwayi kuti muli mu Blantyre: ku Queen Elizabeth kuli kiliniki ya Tiyanjane, imene ntchito yake ndi yomweyi. A ku Salima ali ndi Ndi Moyo, ndipo zipatala za m'maboma zili ndi anthu a palliative care. Ngati abambo asankha kupita kumudzi, tengani kalata yowatumiza ku chipatala cha boma lakwanuko musananyamuke, mankhwala asakadukize.

Kupatula kuphupha kotalika kuja, pitani kuchipatala msanga akatentha thupi, akamasanza mobwereza moti mankhwala sakukhala m'mimba, akasanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda bii, akatha tsiku osakodza, mwendo umodzi ukatupa ndi kuwawa, akabanika mwadzidzidzi, kapena pa bala la opaleshoni pakatuluka madzi kapena mafinya.

Idzafika nthawi ina imene kuthamangira kuchipatala sikudzathandizanso, ndipo ndi bwino muidziwiretu. Ambiri odwala khansa iyi samwalira akukuwa ndi ululu. Amayamba kugona maola ambiri, kudzuka pang'ono, kenako osadzukanso. Amasiya kudya ndi kumwa. Apa abale amakakamiza phala kapena kupempha diripi, koma thupi silikufunanso; chakudya chokakamiza chimatsamwitsa, ndipo madzi ambiri a diripi akhoza kuwonjezera kutupa ndi makhololo. Kunyowetsa milomo ndi m'kamwa n'kokwanira. Kupuma kumasintha, kumaima kenako n'kuyambiranso, kukhosi kumamveka phokoso; agonekeni chammbali. Muzilankhula nawo ndithu, chifukwa khutu limachedwa kutseka. Funsanitu anamwino panopa kuti akadzalephera kumeza mapiritsi a khunyu ndi a ululu mudzawapatsa bwanji, chifukwa njira zina zilipo, ndipo si zofufuza pakati pa usiku.

Nanga inu? Mutu umodzi susenza denga, ndipo matendawa akhoza kutenga miyezi. Itanitsani msonkhano wa banja, aliyense atchule tsiku lake ndi ntchito yake, osati "tizithandizana" wapakamwa. Azakhali akafuna kuthandiza, abwere adzagone nawo masiku awiri pa mlungu kuti inu mugone. Ndalama za ku Joni zipite ku matewera a akuluakulu, magolovesi, thiransipoti ndi munthu wolipidwa woti azikhala nawo usiku. Ndipo achimwene anuwo muwauze mosabisa kuti ngati ali ndi ndalama ya ulendo umodzi wokha, abwere panopa abambo akadali kuzindikira nkhope. Amvano kapena a mphakati akabwera kudzazonda, musachite manyazi kuwapempha kuti akhale ola limodzi inu mutuluke. Amayi anunso ndi wodwala wachiwiri m'nyumbamo: akutukwanidwa ndi mwamuna amene akhala naye moyo wawo wonse. Akayezetse BP, ndipo muziona ngati akudya. Inuyo mukaona kuti kulira sikukutha, tulo sitikubwera ngakhale mwapeza mpata, kapena mukuopa kuti mkono uthamanga n'kuwamenya, tulukani panja kaye, ndipo mukanene zimenezi kwa anamwino, sadzakuweruzani.

Mlungu uno, pitani ku Tiyanjane ndi buku la kuchipatala, pepala la zotsatira lija, ndi mapaketi onse a mankhwala amene akumwa, ngakhale ogula nokha ndi azitsamba omwe. Lembanitu pa pepala nthawi imene amagona, masiku amene anaphupha ndi tsiku lomaliza kuchita chimbudzi. Ngati abambo sangathe kuyenda, pitani inu ndi azakhali mukafotokoze, ndipo mukafunse ngati pali gulu loyendera odwala m'makomo kudera lanu.